Ndemanga yanga pa kosi ya CS50, nditaimaliza ndili kuno ku Ngabu

Kosi ya CS50 ndinaimaliza mwezi wathawu, patatha miyezi 9 chiyambireni. Ndi kosi yoyambira ya maphunziro a kompyuta ya pa yunivesite ya Harvard ku America, ndipo amaphunzitsa ndi a David Malan. Anaiika pa intaneti kuti aliyense aphunzire mwaulere kudzera pa edX, tsamba la maphunziro a pa intaneti, mavidiyo ake alinso pa YouTube. Ine ndimagulitsa m'shopu ya mbewu ndi mankhwala a thonje kuno ku Ngabu, komanso ndine mlembi wa banki mkhonde ya m'mudzi mwathu. Ndisanayambe kosiyi, kompyuta ndinkangoidziwira kulembapo kalata ndi kutsegula Facebook basi.

Sabata yoyamba amaitcha sabata 0, poti kompyuta imayamba kuwerenga kuchokera pa ziro. Amayamba ndi Scratch, pomwe sulemba kanthu, umangolumikiza timabokosi ta malamulo kenako kamphaka nkumayenda pa sikirini. Koma chomwe chinandigwira mtima ndi buku la manambala a foni. A Malan analitsegula pakati, nkuona kuti dzina lomwe akufuna lili chakumapeto, nkung'amba theka loyambalo nkulitaya pansi. Anachitanso chimodzimodzi ndi theka lotsalalo. Buku la masamba 1,000 ukamaligawa pakati choncho, pofika ulendo wa 10 watsala ndi tsamba limodzi. Ndinaimitsa vidiyo nkutenga kaundula wathu wa banki mkhonde, yemwe ndimamuvundukula tsamba ndi tsamba pofuna dzina la munthu amayi akudikira pamkeka. Usiku womwewo ndinakoperanso mayina onse motsatira alifabeti.

Kenako inabwera C, chilankhulo cholembera mapulogalamu a kompyuta, ndipo apa mpomwe ndinalawa zowawa. Ntchito yoyamba yomwe inandizunguza mutu inali yomanga masitepe ndi chizindikiro cha #, mzere uliwonse kuwonjezera chimodzi. Kuiona ngati yamasewera, koma ndinakhala nayo masiku anayi. Tsiku lina pulogalamu inakaniratu kuyenda chifukwa ndinaiwala semicolon (;) imodzi kumapeto kwa mzere. Kompyuta siiganizira kuti mwina umatanthauza zakuti. Imachita chokhacho chomwe walemba. Ubwino wake, ali ndi chida chotchedwa check50 chomwe chimayesa ntchito yako nthawi yomweyo. Pomwe wakhoza chimaonetsa nkhope yobiriwira yomwetulira, pomwe walakwa yofiira. Sudikira mphunzitsi kuti akuchongere.

Sabata ya memory (malo omwe kompyuta imasungamo zinthu) ndi ma pointer (zolozera malowo) kosiyi ndinatsala pang'ono kuisiya. Unali mwezi wa Novembala, ndipo inu a kuno ku chigwa mukudziwa mmene dzuwa limaotchera nthawi imeneyo. Laputopu yanga ndi yogula pa kaunjika, inkatentha mpaka kuzima yokha. Ndinkaisanjika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi, nkumaphunzira 4 koloko mbandakucha kunja kusanatenthe. Mawu akuti segmentation fault, omwe amatuluka pulogalamu ikagwira memory molakwika, ndinawaona kambirimbiri. Chomwe chinandipulumutsa ndi njira yomwe amaphunzitsa m'kosimo, yofotokozera kabakha kachidole pulogalamu yako mzere ndi mzere mpaka uone wekha pomwe palakwika. Ine ndinkafotokozera mng'ono wanga wa Fomu 2, m'Chichewa, iye akusenda chinangwa. Nthawi zambiri ndisanafike nkumapeto komwe ndinkaona cholakwikacho.

Anzanga amene mukufuna kuyamba, konzekeranitu zinthu ziwiri. Choyamba ndi bandulo. Phunziro limodzi limatenga pafupifupi maola awiri, ndipo malo olemberamo mapulogalamu, cs50.dev, amafuna intaneti ndi akaunti ya GitHub, tsamba losungirapo mapulogalamu. Ine mavidiyo ndinkawakopera usiku pa bandulo yotchipa, koma netiweki ikathawa kapena magetsi akazima, ntchito inkaima. Kosi ndi yaulere ndithu, koma ndalama ya bandulo imatuluka m'thumba mwako. Chachiwiri ndi Chingerezi. A Malan amalankhula mothamanga, ndiye ndinkayatsa mawu olembedwa pansi ndi kuchepetsa liwiro la vidiyo. Musachite nazo manyazi zimenezo.

Nditafika pa chilankhulo china chotchedwa Python ndinapuma. Zomwe mu C zinkafuna mizere yambiri, apa zinkatheka ndi mizere iwiri kapena itatu. Mpomwe ndinamvetsa chifukwa chake amayamba nkukupanikiza ndi C: umakhala utaona kale zomwe zikuchitika mkati. SQL, chilankhulo chosungira ndi kufufuzira zolembedwa, ndinaikonda kuposa zonse chifukwa ndi kaundula weniweni, mizere ndi magawo, monga momwe timalembera masheya ndi ngongole. Za HTML, CSS ndi JavaScript, zopangira masamba a pa intaneti, ndinangodutsamo mokwanira kukhoza ntchito zake.

Kumapeto umapanga pulojekiti yakoyako. Yanga inali ya banki mkhonde: ndimalowetsa masheya a munthu aliyense, ngongole yomwe watenga ndi chiwongoladzanja, iyo nkuwerengera zoti alandire tsiku logawana. Satifiketi ya CS50 imaperekedwa mwaulere ukapeza 70 peresenti pa ntchito iliyonse. Ya edX ndiyo yolipira, ndipo ine sindinaitenge.

Ndikuipatsa nyenyezi zisanu ndi mtima wonse. Amene akufuna pepala lachangu asaiyambe, koma amene angakhale pansi nkulimbana ndi cholakwika chimodzi mpaka chitheke, ayambe. Loweruka lapitali tinayesa pulogalamuyo pa manambala a chaka chatha, pansi pa mtengo wa nimu pomwe timakumana. Inasiyana ndi buku pa dzina limodzi lokha, ndi K3,500. Titabwereza ndi kakyuleta, tinapeza kuti cholakwika chinali m'buku. Amayi a tcheya anati, "Alembi, m'Disembala akubwerayu mubwere nacho chimakina chanucho, koma bukulo musalisiye kunyumba."