Miyezi isanu ndi itatu chisinthireni sensa ya crankshaft pa Golf 4 yanga

Galimoto yanga ndi Golf 4 ya 2002, ya injini ya 2.0 ya petulo, ndipo zaka zake zikuoneka. Chaka chatha mu Seputembala inayamba khalidwe lozima yokha ikatentha. M'mawa inkalira bwinobwino, koma ukayenda mphindi makumi awiri kapena atatu, makamaka ukaima pamzere wa mafuta injini ili chilirire, inkangoti zii ngati wina wapotokola kiyi. Sitata inkazungulira mwamphamvu, batire ili bwino, koma osalira. Ukakhala pansi pa mtengo theka la ola, inkalira ngati sipanachitike kanthu. Tsiku lina inandizimira pamsewu ku Area 18 nthawi yoweruka, ndipo anyamata ogulitsa nthochi ndi amene anandikankhira pambali. Amahutala a tsiku limenelo sindidzawaiwala.

Ndisabise, ndalama zoyamba ndinataya ndekha. Aliyense amene ndinamufotokozera anati ndi pampu ya mafuta, ndiye ndinagula pampu. Wina anati ndi koyilo, ndinagula koyilo. Zonsezi zili m'katoni kunyumba, zakalezo zilibe vuto lililonse. Chimene chinanditsegula maso ndi kachipangizo ka ELM327 kamene mlamu wanga anandibweretsera kuchokera ku Johannesburg, kolumikiza pansi pa dashibodi n'kumawerenga pa foni kudzera pa pulogalamu ya Torque. Kanatulutsa code ya vuto yoti P0322, yomwe pa makompyuta a VW imalembedwa 16706, kutanthauza kuti kompyuta ya galimoto sikulandira uthenga wochokera ku sensa yowerenga liwiro la injini, imene iwo amaitcha G28.

Kasensa kameneka ntchito yake ndi yosavuta kumva. Pa crankshaft, chitsulo chimene mapisitoni amazunguza mkati mwa injini, pali gudumu la mano, malo ake ndi 60 koma awiri anachotsedwa dala, kutsala 58. Sensa ili ndi maginito ndi kawaya kopyapyala kokulungakulunga mkati, ndipo dzino lililonse likadutsa imatumiza kamphamvu ku kompyuta. Mpata wa mano awiriwo ndi umene umauza kompyuta pamene mapisitoni afika. Uthengawu ukasowa, kompyuta siitumiza moto ku mapulagi, siitsegula mainjekita, ndipo pampu ya mafuta imaidula. N'chifukwa chake anthu amanamizira pampu: imakhaladi chete, koma yachita kuuzidwa.

Ndinapita ku Malangalanga n'kugula sensa yotchipa, ya m'kapepala kopanda dzina, ndipo tinaiika tsiku lomwelo. Inagwira milungu isanu. Ndinayamba kale kudzitama kwa anzanga kuti ndathana nalo. Kenako kumayambiriro kwa Novembala, dzuwa lili pamutu, galimoto inazima ndikuyandikira Salima, code yake yomweyo.

Apa m'pamene ndinapita kwa amakaniko achikulire ena ku Mchesi, ndipo zimene anachita ndi zimene ndikufuna eni magalimoto amve. Sanathamangire sipanala. Anandiuza kuti, "Bwana, kompyuta yanena kuti uthenga sukufika. Sinanene kuti wafa ndani." Anaisiya galimoto ikulira mpaka inazima yokha, kenako anati ndilize iwo akuyang'ana foni yanga. Injini ikamazungulira ndi sitata, pamayenera kuoneka ma rpm (maulendo amene injini ikuzungulira pa mphindi) apakati pa 200 ndi 300. Panali 0. Singano ya pa dashibodi nayo sinagwedezeke n'komwe. Atatero anamasula sensa, yomwe ili kutsogolo kwa injini chapafupi ndi fyuluta ya oyilo, yogwidwa ndi bauti imodzi yokha, koma malo ake ndi othina moti dzanja limatuluka litakalika.

Anaiyeza ndi mita yoyezera magetsi itazizira: inali mkati mwa 480 mpaka 1000 ohms, monga imayenera kukhalira. Ine ndinati ndiye kuti ndi yabwino. Iwo anangoseka, n'kutuma mwana wa pagalaja kuti abweretse ketulo ya tiyi. Anathira madzi otentha m'kapu ya pulasitiki, anaviika mutu wa sensa, mawaya a mita ali chigwirire. Tinadikira mwina mphindi ziwiri. Manambala anayamba kuvinavina, kenako anasowa, mita n'kuonetsa kuti njira yaduka. Ataivuula n'kuiuzira, manambala anabwerera. Kawaya ka mkati kanali kothoka pang'ono, kakatentha kamatalikirana, kakazizira kamakhudzananso. Matenda onse a miyezi iwiri ndinawaona m'kapu ya tiyi.

Sanalekere pomwepo. Atatsegula pulagi yolumikizira sensa ku mawaya a galimoto, mkati munali oyilo wakuda wosakanikirana ndi fumbi, ndipo kapini kamodzi mwa atatuwo kanali kobiriwira. Chikopa cha waya chinali chitauma n'kung'ambika pamalo pamene chinkakhuzana ndi chitsulo. Pa mawaya atatu a sensa, wachitatu ndi wotchinga kuti mphamvu za mapulagi ndi alternator zisasokoneze uthenga, ndiye akawonongeka ngakhale sensa yatsopano ikhoza kumanama. Anatsuka pulagi, anadula pobvulalapo n'kuwotcherera ndi soda, osati kungopota n'kumata tepi monga timachitira ambirife, ndipo anamangirira wayayo kutali ndi potentha. Sensa tinaika ya Bosch. Mtengo wake unali pafupifupi katatu wa yotchipa ija, ndipo ndinalipira mtima ukuwawa.

Tsopano ndi Julayi. Galimoto yadutsa kutentha kotsala kwa Novembala, mvula yonse ya dzinja ndi madzi ake a m'misewu ya ku Area 25, komanso maulendo atatu a ku Blantyre kudzera M1, kukwera Dedza, kutsika Ntcheu mpaka Zalewa. Mu Disembala ndinatsikira nayo ku Chikwawa ku maliro, ndipo pobwerera, pokwera phiri la Thabwa pa giya yachiwiri kumbuyo kwa lole, maso anga anali pa singano ya rpm njira yonse. Sinaphethire. Sinazimenso ngakhale kamodzi, ndipo P0322 sinabwerere. M'mawa wozizira wa masiku ano imalira msanga kuposa kale, ngakhale apo sindingalumbire kuti ndi sensa yokha, popeza mapulagi nawo ndinasintha mu Febuluwale.

Chimene sichinathe ndi oyilo. Akadali kuchucha pang'ono chapamwamba pa fyuluta, ndipo ndi yemwe uja analowa m'pulagi. Amakaniko anandiuza kuti ndisinthe labala ya pamene pakuchuchapo, ine ndakhala ndikuzengereza. Pakadali pano ndikamasintha oyilo ndimatsegula pulagiyo n'kuona. Mu Meyi ndinapeza kachinyezi ka oyilo kunja kwake, mkati muli gwa.

Ka ELM327 kaja ndimakayamikira, koma kali ndi malire. Pa galimoto yakale ngati iyi kamachedwa kulumikiza, nthawi zina mpaka uzimitse kiyi n'kuyambanso, ndipo kamangoona za injini. Nyali ya ABS ya mabuleki itayaka mu Epulo sikanandiuze kanthu. Komanso usakasiye chilumikizire galimoto ikaima masiku angapo, kamadya batire. Koma pa funso limodzi lija, loti kodi kompyuta ikuona injini ikuzungulira kapena ayi, kamayankha m'masekondi ochepa, ndipo ndikanakhala nako poyamba sindikanagula pampu.

Sensa yoyambirira, imene inabwera ndi galimoto, ndinaiyesanso ndekha kunyumba m'madzi otentha. Nayo inaduka, koma itatumikira zaka zoposa makumi awiri. Yotchipa ija ndinaibweza kumene ndinagula, mnyamata wa pakauntala n'kundiuza kuti za magetsi sabweza. Ili m'katoni limodzi ndi pampu ndi koyilo, ndipo amene akufuna pampu ya Golf 4 yoti ilibe vuto andipeze.