Dishi ya intaneti ya makilomita 14 inatichenjeretsa mvula itagwa

Abale, ambiri mwakhala mukundifunsa za makina aja oponya intaneti patali popanda waya, ena mpaka mukuti ndikutumizireni awiri muyambe bizinesi. Imvani kaye zomwe zinatigwera ife kuno.

Ndimagwira ntchito pa famu ina kutali ndi tauni, komwe netiweki ya foni umaipeza ukakwera pa thanki ya madzi. Tinagwirizana anthu 9 kusonkha ndalama kuti tikoke intaneti kuchokera pa nsanja ina yomwe ili pa mtunda wa makilomita 14. Ejenti anabwera ndi pepala lonyezimira lolembedwa kuti liwiro la intanetiyo ndi 300 Mbps. Titamufunsa za mvula anangoseka, amvekere iyi si dishi ya TV. Tinasaina tsiku lomwelo, mgwirizano wa miyezi 24, aliyense akulota kuona nkhope za ana ake pa WhatsApp.

Inali nyengo yopanda mvula, mitengo itayoyola masamba. Masana tinkapeza 40 Mbps, madzulo aliyense akaweruka inkatsika kufika pa 6. Tikamuimbira ejenti ankati tiwerengenso pepala, palembedwa kuti "mpaka 300". Kamawu koti "mpaka" kameneko ndi komwe tinaphedwera. Nambala ya pa katoni ndi ya makina ali pafupi popanda chosokoneza, ndipo amaphatikiza zopita ndi zobwera. Mtunda ukatalika makinawo amachepetsa okha liwiro kuti azimvana, komanso pa nsanja ija sitinali tokha, mafamu ena onse ankayamwa pomwepo.

Zimenezo tinapirira. Mvula itayamba ndiye zinafika pena. Kukangochita mdima kumwamba, nkhope ya mwana wanga inkauma pa foni pakamwa pali yasa, kenako zii. Ejenti anati atumiza munthu, koma ulendo uliwonse tizilipira padera, ndalama yofanana ndi malipiro anga a masiku awiri. Anabwera katatu, nthawi zonse kuli dzuwa, n'kuzimitsa, kuyatsanso, basi wapita. Kenako mphezi inagunda chapafupi, moto unatsata chingwe n'kuotcha makina a pamlongoti pamodzi ndi a m'nyumba. Apa m'pamene tinamva kuti chitsimikizo sichikhudza za mphezi, ndipo kachipangizo koteteza ku mphezi ndi waya wopita pansi zinali zogula padera. Palibe anatiuzapo. Titati ndiye tisiye, anatiwerengera kuti tilipire miyezi yonse yotsala. Kuchokera tsiku limenelo foni ya ejenti imangoitana.

Amene anatitsegula m'maso ndi bambo ena achikulire omwe anabwera kudzakonza mageti a magetsi a bwana. Anakwera pamlongoti, nadula chingwe chathu pang'ono, n'kuchifinya. Madzi anatuluka ngati akufinya chinkhupule. Chinali chingwe cha m'nyumba, dzuwa linali litachisweka kale. Anandionetsanso nambala ya mphamvu ya mafunde a intaneti pa kompyuta yawo, -81 dBm, n'kunena kuti ndi yofooka, pa mtunda ngati wathu amafuna kuona cha m'ma -60.

Chomwe chinandidabwitsa n'chakuti pa nkhani ya mvula ija ejenti uja sananame zonse. Makina athu amagwiritsa ntchito mafunde a 5 GHz, ndipo pamenepo madontho a mvula paokha sachotsa mphamvu yambiri. Otipha anali masamba onyowa, mphepo ndi madzi a m'chingwe. Bambowo anajambula pansi ndi chala: mafunde sayenda ngati ulusi, amatupa pakati ngati bwato. Pa makilomita 14, pakatikati pa njira pamafunika malo opanda kanthu okwana mamita pafupifupi 8 kunsi kwa mzere woongoka. Ife tinkati poti nsanja ikuoneka ndi maso ndiye zatheka, osadziwa kuti mitengo ya pa kachitunda kena inali m'kati mwa njirayo, ndipo masamba ataphuka inatseka. Mlongoti wathu nawo unali kapaipi kowonda, mphepo ikaomba kankavina, dishi n'kumaloza kwina.

Mnzathu wina, wokonda zapamwamba, anati ndiye tigule za 60 GHz poti anamva kuti n'zothamanga. Bambo aja anakana kutigulitsa ngakhale akanadyapo. Anati zothamanga inde, koma mafunde amenewo ngakhale mpweya wa okosijeni umawamwa, mvula ndiye osanena, choncho ndi za mtunda waufupi, osati wathuwu. Anati mukadutsa 10 GHz m'pamene mvula yeniyeniyo imayamba kuluma. Anatiikira mlongoti wautali womangidwa ndi zingwe mbali zitatu, chingwe cha panja ndi choteteza ku mphezi, natilipiritsa kamodzi kokha, mtengo womwe ananena poyamba.

Ndiye inu amene mukulota kukhala mabwana a intaneti ndi madishi awiri, tadzukani. Musagule kanthu munthu asanayeze njira yonse, chitunda ndi mtengo uliwonse, ndipo ayeze masamba ali pamitengo. Auzeni alembe liwiro lotsikitsitsa la madzulo, osati la "mpaka". Akakuuzani kuti imagwira 99 peresenti musaombe m'manja, amenewo ndi masiku atatu ndi theka pachaka muli mu mdima, ndipo adzakhala masiku omwewo amene mukuifunitsitsa. Funsani amene alipire mphezi ikagunda, amene alipire ulendo wa wokonza, ndi zomwe mulipe mukafuna kusiya. Akayamba kuseka ngati mmene anasekera wathu uja, bwezani cholembera m'thumba.

Ifeyo pano tikupeza 35 Mbps masana, madzulo 10, ndipo mvula ikagwa sikudukanso pokhapokha kukhale mkuntho. Mgwirizano wa 300 uja tikulipirabe, kwatsala miyezi 13.