Pa shopu yotaipa ya pa Boma amayamba afunsa kuti mwazitenga kuti

Amene muli ndi mbiri ya munthu wotchuka yomwe mukufuna ilowe mu Wikipedia ya Chichewa, pali kashopu kotaipa ndi kufotokopa pa Mangochi Boma, chakufupi ndi wotchi yakale ya Queen Victoria mukamalowera ku mlatho wa Bakili Muluzi. Ndikukulimbikitsani kupitako, koma mupite mutadya, ndipo ngati muli ndi mtima wapachala mutume wina.

Mitengo ilipo iwiri. Wotsika ndi wongotaipa zomwe mwabweretsa, zolakwa ndi zolondola zomwe. Wokwererapo ndi woti mtsikana wa pa kompyutayo afufuze mfundo iliyonse asanailembe. Ife tinasankha wachiwiriwu chifukwa cha amalume anga a ku Malindi, mphunzitsi wopuma, omwe akhala akumvera Don Williams kuyambira nthawi ya makaseti ndipo analemba mbiri yake yonse pamanja m'kope.

Mkangano unabuka pa chiganizo choyamba penipeni. Amalume analemba kuti Don Williams anali mwana wa Hank Williams, woimba wakale wa nyimbo za country ku America. Mtsikanayo anawerenga, n'kuika chala pamzerewo.

"Agogo, izi mwazitenga kuti?"

"Mwana wanga, nyimbozi ndinayamba kumvera iwe usanabadwe."

"Zoona agogo, koma tiyeni tiwerengere limodzi zaka."

Sanakweze mawu. Anangotembenuza sikirini kuti aone okha, n'kulemba manambala kuseri kwa risiti. Hank Williams anabadwa mu 1923 ku Alabama. Don anabadwa pa 27 May 1939 ku Floydada, m'chigawo cha Texas, pamene Hank anali ndi zaka 15 zokha. Mwana wamwamuna wa Hank amene amaimba ndi Hank Williams Jr., wobadwa mu 1949. Amalume anavula magalasi, kuwapukuta ndi malaya, kuvalanso, n'kunena kuti, "Pitiriza." Apa m'pamene ndinaona kuti ndalama yathu sinapite pachabe. Munthu wina akanangotaipa bodzalo poopa kutsutsa mkulu, kapena akanawaseka pamaso pa anthu odikira fotokope.

Zina zinayenda mwachangu. Amalume analemba kuti Don anamwalirira ku Nashville, pomwe ndi ku Mobile, ku Alabama, pa 8 September 2017. Konsati yake yotchuka ya kuno ku Africa, ija inajambulidwa pa vidiyo, anaiika ku Johannesburg, koma inachitikira ku Harare mu 1997. Pa nyimbo za Tulsa Time ndi You're My Best Friend analemba kuti anapeka yekha, chonsecho yoyambayo anapeka ndi Danny Flowers, inayo ndi Wayland Holyfield. Mtsikanayo anawonjezeranso zomwe m'kopemo munalibe: kuti asanayambe kuimba payekha anali m'gulu la Pozo-Seco Singers, kuti nyimbo zake 17 zinafika pa nambala wani pa tchati cha nyimbo za country, ndiponso kuti analowetsedwa mu Country Music Hall of Fame mu 2010. Pa mfundo iliyonse ankaika komwe waipeza, ndipo zongolembedwa pa Facebook amakana, ngakhale zitagawidwa ndi anthu ochuluka bwanji.

Komwe sindinagwirizane naye ndi apa. Anachotsa mawu onse otamanda, monga akuti mawu a woimbayu amatonthoza mtima wosweka. Izo ndikumvetsa, insaikulopediya si maliro oti aliyense aziyamikira malemu. Koma anachotsanso ndime yonse yofotokoza mmene Amalawi amamukondera, mmene nyimbo zake zimamvekera pa wailesi ndi m'maminibasi a pa msewu wa Liwonde, ati chifukwa palibe buku kapena nyuzipepala yomwe tinabweretsa yonena zimenezo. Lamulo lake ndi lomwelo, inde, koma ndime imeneyo ndi yomwe inawapangitsa amalume kugula kope. Zomwe zatsala ndi mbiri yolondola yoti munthu wa ku Texas akhoza kulemba osadziwa n'komwe kuti kuli nyanja yotchedwa Malawi. Bwenzi atatithandiza kusaka nyuzipepala yoteroyo m'malo mongotiuza kuti tikaipeze tokha.

Vuto lina ndi nthawi. Ali yekha, ndiye ntchito yanu imaima akabwera wofuna kufotokopa chiphaso cha unzika kapena satifiketi ya MSCE, ndipo anthu otere sasowa. Magetsi akathima palibe jenereta, mumangokhala pa benchi n'kumatuluka thukuta la ku Mangochi. Kalembedwe kake ka Chichewa nakonso kamafunika diso lanu, chifukwa pena analemba kuimba, pena kuyimba, m'ndime imodzi yomweyo.

Pitani m'mawa ofesi za boma zisanayambe kutumiza anthu a fotokope, tengani flash yanu chifukwa sasunga ntchito za makasitomala pa kompyuta, ndipo ngati muli ndi nyuzipepala yakale kapena chikuto cha kaseti chokhala ndi mayina a opeka nyimbo, nyamulani. Amalandira Airtel Money ndi Mpamba, koma ndalama ya bandulo ya intaneti amawerengera padera.