Ndemanga pa ntchito yotseka zitsime zoyezera madzi ku Kanengo

Pa fakitale yathu ku Kanengo, mumzinda wa Lilongwe, panali zitsime zing'onozing'ono zimene zidakumbidwa mozungulira matanki a dizilo kuti tiziyeza ngati mafuta akulowa m'madzi apansi panthaka. Matankiwo atachotsedwa, ndipo zotsatira za kulabu zitaonetsa kuti madzi ali bwino, tinalemba ntchito kampani ina yokumba mijigo kuti itseke zitsimezo mvula ya mu Novembala isanagwe.

Chimene chandikhutiritsa kwambiri n'chakuti amisiriwa sanangoika chivindikiro pamwamba n'kumapita. Chitsime chosatsekedwa bwino chimasanduka njira yoti mafuta ndi zonyansa zapamwamba zitsikire m'madzi amene anthu okhala pafupi nafe amatunga pa mijigo yawo, ndipo ichi ndicho chinkandidetsa nkhawa. Anayamba ndi kuyeza kuya kwa chitsime chilichonse n'kuyerekeza ndi zimene zidalembedwa pochikumba. Chimodzi chinapezeka chofupika, ndipo m'malo mochinyalanyaza anayamba avuula chotungira chakale ndi matope zimene zidatsekereza paipi, kufikira muyezo unagwirizana ndi wa m'mapepala.

Phala la simenti yosakaniza ndi bentonite, lomwe ndi dongo lofufuma likanyowa, sanalithire kuchokera pamwamba ayi. Analipopera kudzera m'kapaipi kofika pansi penipeni, n'kumakakweza pang'onopang'ono, kuti madzi azikankhidwira kumwamba ndipo pasatsale mphako pakati. Paipi ya chitsime ya mamilimita 50 m'mimba mwake imalowa pafupifupi malita 2 pa mita iliyonse, choncho mkulu wawo ankawerengeratu phala lofunika, kenako n'kulemba limene lalowadi ine ndikuona. Tsiku lotsatira anabweranso kudzawonjezera pamene phala linatitimira, anadula mapaipi pansi pa nthaka, n'kuwaka konkire pamwamba.

Zodandaula zilipo ziwiri. Pa mtengo umene anatiuza poyamba sanaphatikizepo ndalama zoswera konkire yakale yozungulira zitsimezo, ndipo tinazimva ntchito ili mkati, zomwe sizinatisangalatse. Chachiwiri, lipoti lomaliza linachedwa ndithu mpaka tinachita kuwakumbutsa, chonsecho ndilo umboni umene tidzaonetse a National Water Resources Authority, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la 2013, kapena a Malawi Environment Protection Authority, bungwe loteteza zachilengedwe, akadzafunsa. Litafika linali lokwanira bwino, chifukwa muli malo a chitsime chilichonse pa GPS, kuya kwake, kuchuluka kwa phala ndi zithunzi.

Ndingawalembenso ntchito mosakayika. Amene mukufuna kuwaitana, asonkhanitsireni mapepala akale a zitsime zanu asanafike, ndipo mugwirizane molemba za mtengo wonse ndi tsiku lolandira lipoti.