Minor ya ku yunivesite, kosi ya pa intaneti, kapena gulu la alembi?

Achinyamata amene alowa kumene ku yunivesite akhala akundifunsa funso limodzimodzi: kodi nditenge maphunziro a kalembedwe ka nkhani zopeka ndi ndakatulo ngati minor, kutanthauza phunziro lachiwiri laling'ono pambali pa digiri yanga, kapena ndingolipira kosi ya pa intaneti? Ndayankha mmodzimmodzi mpaka kukhosi kwauma, choncho ndalemba pano kuti aliyense adziwerengere. Zonse ziwiri ndinadutsamo, ndipo pali njira yachitatu imene ofunsawo saitchula n'komwe.

Ndiyambe ndi kosi ya pa intaneti, chifukwa ndi imene inandipweteka mtima. Anailengeza kuti sabata yoyamba ndi yaulere, koma kuti ulowe umayenera kupereka nambala ya khadi la ku banki. Sabatayo itatha anayamba kudula ndalama mwezi ndi mwezi, m'madola. Kenako mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Kosi ndi yomweyo, mavidiyo ndi omwewo, koma ndalama yochoka mu akaunti yanga inakwera m'tsiku limodzi lokha, banki nayo n'kudulapo yake. Pamwamba pa izo pali bandulo, pakuti phunziro lililonse ndi vidiyo, ndipo netiweki ikadukiza umayambiranso. Pamene ndinkafuna kusiya, malo osiyira anawabisa mkatikati moti anadulanso mwezi wina ndisanawapeze.

Komabe ndalamazo ndikanaziiwala zikanakhala kuti nkhani zanga zinkawerengedwa. Mphunzitsi wa m'mavidiyo aja sanaonepo chiganizo changa ngakhale chimodzi. Ntchito yathu tinkachongerana tokhatokha ophunzira, anthu osadziwana, aliyense akuthamangira kuti amalize atenge satifiketi. Ndinatumiza nkhani ya mayi amene mwamuna wake wamwalira, achibale a mwamunayo akuwerengera kale malata ndi mbuzi mtembo usanatuluke m'nyumba. Woyamba anandiyankha ndi mawu awiri oyamikira, basi. Wachiwiri anati ndiwonjezere ndime yofotokoza chifukwa chimene anthu amagonera pasiwa usiku wonse akuimba. Palibe anandiuza kuti mayi uja sakulankhula ngati munthu woferedwa, pomwe vuto lenileni la nkhaniyo linali limenelo. Mlembi wongoyamba akamvera malangizo otere amayamba kulemba ngati wolondolera alendo, kumasulira mwambo uliwonse, mpaka nkhani kufera m'njira. Zimenezi ndi zimene sindinakhululuke mpaka lero.

Vuto la mayi uja anandionetsa ndi mphunzitsi wa ku yunivesite. Anabweza pepala langa litafiira ndi inki, atazunguliza mawu onse a mayiyo, pambali atalemba funso limodzi: kodi unamumvapo ndani akulankhula chonchi pamaliro? Apa ndi pamene minor imaposera. Pali munthu wodziwa kwanu amene ntchito yake ndi kuwerenga zimene mwalemba. Palinso tsiku lomaliza kupereka ntchito, ndipo ambiri a ife sitimaliza nkhani popanda wotikakamiza. Amakuwerengetsaninso mabuku a alembi a mu Africa amene panokha simukanawatsegula. Kumene ndinaphunzira ine fizi ya chaka inali imodzimodzi, minor sinawonjezere kanthu.

Zovuta zake zilipo. Nthawi ya kalasi ikagundana ndi ya digiri yanu yeniyeni, yogonja ndi minor. Giredi ya ndakatulo imalowa pa zotsatira zanu monga phunziro lina lililonse, ndiye ena amayamba kulemba zokondweretsa wochonga m'malo molemba zimene zikuwavuta mumtima. Kalasi ikakhala yaikulu, nkhani yanu ikhoza kukambidwa kamodzi kokha pa semesita. Konzekeraninso ya fotokope, chifukwa tsiku lanu likafika aliyense amafuna pepala lake m'manja. Chimene chinkandiwawa kwambiri n'chakuti zonse zinali m'Chingerezi. Ndakatulo zanga za Chichewa ndinkazisunga m'kope lina.

Za satifiketi ndisatayepo nthawi. Mkonzi wa nyuzipepala kapena woweruza mpikisano amaona nkhani, safunsa pepala la sukulu.

Njira yachitatu ndi gulu la alembi, ndipo ndivomere kuti mtima wanga uli kumeneku. Mbiri yathu yomwe ikuchitira umboni. Mu 1970 ophunzira ndi aphunzitsi ena a pa Chancellor College anayambitsa gulu lokumana sabata iliyonse kuwerengerana ndi kudzudzulana zolemba. Inali nthawi ya Kamuzu, bungwe lounika mabuku lili tcheru, munthu umayenera kubisa tanthauzo m'mafanizo kuti ugone kwanu. M'gulu limenelo munadutsa anthu monga Jack Mapanje, Frank Chipasula, Lupenga Mphande ndi Steve Chimombo. Panalibe giredi, panalibe satifiketi, koma ndakatulo za ku Malawi zinadziwika kunja chifukwa cha anthu amenewa. Masiku ano kuli bungwe la alembi la Malawi Writers Union (MAWU), ndipo magulu ang'onoang'ono amapezeka m'masukulu, m'mizinda ndi pa WhatsApp pomwe. Mtengo wake ndi ya minibasi basi. M'gulu mukhoza kuwerenga ndakatulo ya Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao mokweza, n'kuona pankhope za anzanu pamene mzere wagwira ndi pamene wagwa.

Chenjerani ndi gulu limene aliyense amangoombera mnzake m'manja. Likafika pamenepo silisiyana ndi kosi ija. Magulu ambiri a ophunzira amafanso nthawi ya mayeso ikayandikira, n'chifukwa chake sindinganene kuti gulu palokha likukwanirani ngati ndinu munthu wofuna wokukankhani.

Ndiye yankho langa ndi ili. Ngati yunivesite yanu ili ndi minor imeneyi ndipo digiri yanu ikukusiyirani mpata, itengeni, koma mulowenso gulu. Musanalembetse, pitani kwa a chaka chachitatu kapena chachinayi mukawafunse kuti mphunzitsi amawerenga nkhani zingati za munthu mmodzi pa semesita, komanso ngati amalola zolemba za m'zilankhulo zathu. Ngati mukuchita zaudokotala kapena zauinjiniya ndipo nthawi palibe, gulu ndi lanu. Pa intaneti tengani zaulere zokha, khadi lanu musalipereke. Ndalama imeneyo gulirani mabuku, ndipo nkhani yanu yabwino koposa muitumize ku mpikisano wa nkhani zazifupi wa Commonwealth Short Story Prize, kumene kulowa n'kwaulere: amafuna mawu 2,000 mpaka 5,000, amalandiranso nkhani yomasuliridwa m'Chingerezi, ndipo amatseka pa 1 Novembala.