VTAC idalandira ATAR ya mwana wanga ya ku Queensland

Mwana wanga wamkazi adamaliza Year 12 (kalasi yomaliza ya sekondale) kuno ku Brisbane, m'chigawo cha Queensland ku Australia, koma mtima wake udali pa yunivesite za ku Melbourne, m'chigawo cha Victoria. Nkhawa yanga idali yakuti silabasi ya ku Queensland njosiyana ndi ya ku Victoria, ndiye akamuyeza bwanji? Titalowa pa webusayiti ya VTAC, bungwe lolandira mafomu olowera m'yunivesite za ku Victoria, mtima udakhala pansi. ATAR (nambala yosankhira ana olowa ku yunivesite) yomwe QTAC, bungwe lotere la ku Queensland, idamuwerengera amailandira momwe iliri, poti si malikisi ayi, koma malo ake pakati pa anzake amsinkhu umodzi, kuyambira 0 mpaka 99.95. Mwayi wake, Queensland idasiya OP, njira yake yakale yoyezera ana, n'kuyamba ATAR mu 2020.

Usiku wina tidakhala patebulo la kukhitchini kusanja makosi 8 pa fomu ya VTAC, iye akusinthasintha ndondomeko mpaka tiyi adazizira. Fomuyo njosavuta, makolo anzanga musaiope.