Mafupa a msongolo wanga anagwirana, abwana n'kundithawa

Inu amene mukulota zobwera kunja kuno kudzagwira ntchito yonyamula katundu, funsani kaye kuti mukavulala adzalipire ndani, ndipo akulembereni pa pepala. Ine nditathyoka akakolo pantchito, abwana analonjeza pakamwa kuti za kuchipatala zonse ndi zawo. Analipira opaleshoni yoika chitsulo pa fupa lothyokalo basi. Mavuto atabwera pambuyo pake, foni yanga anasiya kuyankha.

Mumsongolo muli mafupa awiri, lalikulu lotchedwa tibia ndi loonda lotchedwa fibula. Loondalo limayenera kusuntha pang'ono munthu akamayenda, milimita 1 kapena 2 chabe. Koma nthawi zina pamene panathyokapo, kapena pamene panadutsa sikuluu, thupi limameretsa fupa latsopano pakati pawo mpaka awiriwo n'kugwirana. Madokotala amati synostosis. Ine ndinazindikira potsika masitepe: phazi linkakana kupindikira m'mwamba, chidendene chinkanyamuka msanga, ndipo madzulo pamwamba pa akakolo pankawawa.

Pachipatala china cholipiritsa anangoyang'ana X-ray n'kunena kuti tidule fupa lomeralo sabata yomweyo. Ndalama imene anatchula sinaphatikizepo CT scan (kujambula m'thupi mozama kuposa X-ray), dokotala wogonetsa, bedi, ngakhale mafizo. Nditawakakamiza kuti alembe zonse, inawirikiza katatu! Munthu wolandira malipiro a patsiku, wotumizanso ndalama kwa ana, angazitenge kuti?

Amene anandiuza zoona ndi dokotala wina wa mafupa, ndipo sanapindulepo kanthu. Anati anthu ambiri amene mafupawa agwirana safunika mpeni, makamaka ngati ululu si waukulu. Anatinso fupa lomeralo likadulidwa lisanakhwime limatha kumeranso, choncho amadikira miyezi yambiri, mwina kufika 12, akulijambula kuti aone ngati lasiya kukula. Anandiyambitsa mafizo n'kundiuza kuti ndiike kachidutswa kokweza chidendene mu nsapato. Kuthamanga sindithamanga, koma ntchito ndikugwira.

Tsono abale, madokotala akakuuzani kuti musaponde kwa milungu 6, musaponde, ngakhale kapitawo akuopsezeni kuti malo anu atenga wina. Sungani X-ray iliyonse, kalata ya opaleshoni ndi lipoti la ngozi, muzijambulenso pa foni, chifukwa popanda zimenezo palibe amene adzavomere kuti munavulalira pantchito. Wina akakufulumizitsani kupita ku fiyeta, kamveni kaye dokotala wachiwiri musanasaine.